Kamluzu ka mu giyabokosi ya CVT: imvereni galimoto isanakugonekeni pa msewu

 Lero sindikamba za duty kapena mtengo wa dola. Ndikamba za kaphokoso kakang'ono kamene kamayamba mu giyabokosi ya tigalimoto tathu ta ex-Jap, kamene ambiri timakaphimba ndi wailesi mpaka tsiku limene galimoto yakana kuyenda. Ndalemba motalikitsa, pepani, koma sungani uthengawu, udzakuthandizani.

Ine geni yanga ndi ya m'mafamu. Ndimaoda zitenje, usipa wouma ndi mpunga wa Kilombero ku Limbe kapena ku Lilongwe, n'kudutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa pa Nyamapanda. Ndikafika ku Harare ndimatsitsa mu thiraki n'kupakira m'kagalimoto kanga, ulendo wa m'makomboni a ku Concession, Glendale, Mvurwi, Banket, Trelawney mpaka Karoi. Makasitomala anga ambiri ndi ana ndi zidzukulu za anthu a kwathu amene anabwera kudzagwira ntchito ya fodya dziko lathu likadali Nyasaland. Ena sanapondeko ku Malawi, koma akamva fungo la usipa amatuluka m'nyumba ngati kwabwera m'bale. Ndalama kumeneko imaoneka kumapeto kwa mwezi, komanso misika ya fodya ikatsegulidwa cha m'March. Galimoto ikafa nthawi imeneyo, ngongole zimene unasiya m'makomboni sukazitolera, ndipo ndalama ya kasitomala wako imapita kwa wina amene wafika. Ndiye kwa ine galimoto ndi mpamba, monganso katundu amene ali m'katimo.

Chiyambire 2021, pamene Zimbabwe inakhwimitsa malamulo olowetsa galimoto zopitirira zaka 10, zambiri zimene zikubwera ndi za CVT: Honda Fit, Nissan Note, Toyota Sienta, Wish ya kuyambira 2009, ngakhale Probox ya kuyambira 2014. Kaya tifune kaya tisafune, giyabokosi imeneyi ndiyo tikhale nayo. A Toyota Aqua ndi Prius, zanu ndi zina. Dzina limafanana koma mkati mulibe lamba, ndiye zambiri za pano sizikukhudzani.

Choyamba tidziwe zili mkatimo. CVT ilibe giya wani, thuu, fili ngati manual. Muli ma pulley awiri ndi lamba wachitsulo pakati pake. Pulley iliyonse ili ngati mbale ziwiri zoyang'anizana zimene zimafinyana kapena kutalikirana chifukwa cha mphamvu ya oyilo. Yoyamba imalandira mphamvu kuchokera ku injini, yachiwiri imapereka ku matayala. Mbale zikafinyana lamba amakwera m'mwamba, zikatalikirana amatsika, basi giya yasintha popanda kugwedeza. Inu a mathiraki, nzeru imeneyi inachokera ku kampani imene mumaidziwa bwino, DAF ya ku Netherlands, imene inaonetsa kagalimoto kake ka malamba a rabara mu 1958. Lero lamba ndi wachitsulo, ndipo kuti asaterereke ma pulley amamufinya ndi mphamvu yoopsa. Mphamvu yonseyo imatsamira pa ma bearing amene agwira ma shafiti. Bearing ikayamba kudyeka, pulley imayamba kupendama pang'ono, lamba amayamba kukanda, tizitsulo timalowa mu oyilo, timapita ku pampu ndi ku valve body. Mapeto ake mumagula giyabokosi yonse chifukwa cha kachitsulo kokwana m'dzanja.

Ubwino wake ndi wakuti bearing siifa mwakachetechete. Imalira kaye, nthawi zina kwa milungu. Poyamba kamakhala kamluzu kakang'ono, "wiiii", ngati ndege ili kutali. Pakapita nthawi mawu amakula n'kukhala "wuuuu", ngati njuchi zili m'mphanga. Pomaliza pamabwera kukhuluza ngati chigayo chopanda chimanga. Wofika pa chigayo wachedwa. Ndalama zimapulumuka pa kamluzu paja. Ndipo musadikire nyali ya pa dashibodi. Bearing ikamayamba kumene, ngakhale makaniko alumikize kompyuta nthawi zambiri sipatuluka kanthu, chifukwa kompyuta imaona pressure ndi liwiro la ma shafiti, siimva phokoso.

Kwa ine kanayamba pa tala, pakati pa Concession ndi Mvurwi. Pa msewu wafumbi wa m'mafamu simungamve chilichonse, mabampu ndi miyala zimaphimba zonse. Koma nditakwera pa tala wosalala ndinamva kamluzu kachilendo kutsogolo. Pa famu ina kufupi ndi Mvurwi pali mkulu wina amene wakhala akukonza mathirakitala moyo wake wonse. Bambo ake anachokera ku Dedza, iwo anabadwira pa komboni pomwepo, Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chishona. Ine ndimawaitana malume. Nditawafotokozera sanatsegule boneti. Anangolowa n'kukhala pampando wa pambali.

"Achemwali, tazimitsani wailesiyo, mutsekenso mawindo ndi fani. Galimoto ikufuna kuyankhula."

"Malume, mwina ndi tayala chabe?"

"Mwina. Koma tayala ndi giyabokosi sizilira chinenero chimodzi. Tiyeni tizifunse chimodzichimodzi."

Zimene tinachita masana amenewo, kuphatikiza zimene ndaphunzira kwa amakaniko a ma giyabokosi ku Harare, ndi izi. Sizifuna chida chodula. Zimafuna khutu, jeke, ndi msewu wosalala wopanda magalimoto ambiri.

1. Imani, ikani pa P, pondani mafuta pang'onopang'ono. Phokoso likamakwera limodzi ndi injini galimoto ili chiimire, yambani mwakayikira zakunja: alternator, pampu ya madzi, ka pulley ka fan belt, kompresa ya AC. Zimenezi n'zotsika mtengo. Lingathenso kukhala pampu ya oyilo ya mu giyabokosi, makamaka oyilo akachepa kapena fyuluta ikatsekeka. Koma a Nissan March ya kuyambira 2010 ndi Note ya kuyambira 2012 chenjerani: pa giyabokosi yanu ma pulley amazungulira ngakhale muli pa P, ndiye phokoso la chiimire lingachokere mkati momwemo. Pa Fit yakale ya 2001 mpaka 2007, ma pulley amayamba kuzungulira mukangoika pa D phazi lili pa buleki. Phokoso likabwera pa D n'kuchoka pa N galimoto isanasunthe, tayala mulichotse pa mlandu.

2. Yendani pa 60 kapena 70, msewu ukakhala wopanda anthu, gwedezani chiwongolero pang'ono kumanzere kenako kumanja. Bearing ya tayala imasintha mawu kulemera kukasamukira mbali ina: mukakhotera uku ikulira kwambiri, mukakhotera uko ikuchepa. Ya mu giyabokosi siisamala za chiwongolero, imangolira chimodzimodzi.

3. Mverani msewu ukasintha. Phokoso la matayala limasintha mukachoka pa tala wokhakhala kupita pa wosalala. Sisitani dzanja pa tayala: ngati ladyeka mabondomabondo, limalira ngati bearing ndithu. Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo. Phokoso likasamukira kumbuyo, mwapulumuka. Ndipo "ta-ta-ta" wa pokhota pang'onopang'ono chiwongolero chili kumapeto, ameneyo ndi CV joint, nkhani ina.

4. Apa ndiye pagona nkhani. Gwirani liwiro limodzi, tinene 60, kenako chotsani pa D muike pa S. Injini ikwera koma liwiro ndi lomwe lija. Kamluzu kakakwera limodzi ndi injini, pamene pa P kanalibe, vuto lili ku mbali ya pulley yoyamba, chifukwa ndi imene imatsatira injini. Kakapanda kusintha, koma n'kumakwera pokhapokha nsingano ya liwiro ikamakwera, vuto lili ku mbali imene imatsatira matayala: pulley yachiwiri, diff, kapena bearing ya tayala.

5. Pondani mafuta, siyani, pondaninso. Phokoso limene limabwera mukaponda n'kuchoka mukasiya, kapena kubwera mukasiya, limaloza mkati mwa giyabokosi, chifukwa ndi mmene muli zitsulo zimene zimamva kukoka. Bearing ya tayala siisintha ndi phazi lanu.

6. Anthu ambiri amati, "Ika pa N ikuyenda, likapitirira ndiye kuti ndi tayala." Pa CVT zimenezo zimasocheretsa. Pa mitundu yambiri, ngakhale muike pa N, matayala amapitiriza kuzunguza pulley yachiwiri, lamba ndi yoyamba yomwe, ndiye bearing yodwala ya mkati ipitirizabe kulira. Anthu asintha ma hub awiri abwinobwino chifukwa cha mayeso amenewa. Komanso chizolowezi chotsetsereka pa N pofuna kusunga petulo si chabwino pa giyabokosi imeneyi.

7. Mukayenda mtunda osagwiragwira buleki, imani, yandikizani dzanja pakati pa tayala lililonse. Limodzi likatentha kuposa anzake, pamenepo pali nkhani. Kenako jekani, tsekerani matayala enawo ndi miyala, gwedezani tayala pamwamba ndi pansi, lizunguzeni dzanja lina litagwira sipuling'i. Bearing yodyeka imanjenjemeretsa sipuling'i, mumaimva m'zala. Musalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeke yokha, ndapota nanu.

Kwa ine, pa P kunali zii. Pogwedeza chiwongolero, palibe kusintha. Matayala onse anali ozizira. Koma nditaika pa S, kamluzu kanakwera ngati wina wakoka chingwe cha gitala. Malume anangogwedeza mutu.

"Iyi si ya ine, achemwali. Ine ndimadziwa Massey Ferguson. Koma khutu langa likuti ndi bearing ya kutsogolo, ya ku injini. Tsitsani katundu, musiye kwa adzakhali anu pa komboni pano, mupite ku Harare pang'onopang'ono. Musalole munthu athiremo mankhwala oziziritsa phokoso."

Ndinatsitsa matumba a mpunga, ndinanyamuka m'mawa kukadali kozizira, osapitirira 60, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Makaniko wa ku Harare asanamasule chilichonse anaikweza m'mwamba, wina ali mkati akuyendetsa matayala, iye n'kumagunditsa sikuludilaiva yaitali pa giyabokosi, chigwiriro chili pa khutu. Analoza malo omwe aja. Kenako anakhetsa oyilo m'beseni loyera n'kumasula sampu.

Pamenepa imani pafupi muone ndi maso anu, musatume munthu. Mu sampu mumakhala maginito. Kamatope kotuwa kosalala ngati phulusa lonyowa n'kachibadwa, giyabokosi iliyonse imakhala nako. Koma tizitsulo tonyezimira timene mumatimva m'zala, kapena tosongoka ngati minga ya usipa, ndiye kuti china chake chikudyeka. Nunkhizaninso oyiloyo. Wonunkha mopserera akukuuzani kuti giyabokosi yakhala ikutentha. Tengani oyilo pang'ono m'botolo loyera mumuunike pa dzuwa, muone ngati akunyezimira.

Mwa ine munali tonyezimira tochepa. Atatsegula anapeza msewu wa mipira wa mu bearing uli ndi timaenje ngati nthomba, koma nkhope za ma pulley zinali zosalala, lamba analibe chilema. Tinasintha bearing, ma seal ndi fyuluta, anatsuka cooler ndi mapaipi ake, n'kuthira oyilo watsopano. Masiku atatu ndinali nditabwerera ku Mvurwi kukatenga mpunga wanga, mwezi usanathe. Ndalama imene ndinalipira inali kachigawo chabe ka mtengo wa giyabokosi ina.

Mnzanga wina amene timaodera limodzi ku Limbe, zake zinayenda mosiyana. Kamluzu kake kanayamba nthawi yozizira. Ankati, "Ikuyendabe, ndikonza ndikagulitsa ulendo uno." Ulendo uno unabala ulendo wina. Mwezi wa October, atapakira mpaka kudenga, galimoto inayamba kunjenjemera atadutsa Tete, injini ikulira koma liwiro osakwera, mpaka inaima cha ku Changara. Amene mumadziwa kutentha kwa kumeneko mukudziwa kuti si malo ogonapo ndi usipa. Analipira thiraki yoinyamula mpaka ku Harare, anagula giyabokosi ina, ndipo mpamba wa miyezi ingapo unathera pomwepo. Mpaka lero akubweza ngongole ya ku banki m'khonde.

Tsopano, n'chiyani chimafulumizitsa imfa ya ma bearing amenewa m'misewu yathu?

Katundu. Tambiri mwa tigalimoto iti tinapangidwira anthu ochepa ndi tizikwama tawo. Ife timaikamo mabelo, matumba a 50 kg, ndi anthu pamwamba. A mushikashika ndiye musanene. Kulemera kukachuluka, kompyuta imawonjezera pressure kuti lamba asaterereke, ndipo ma bearing ndi amene amasenza. Ngati katundu ndi wambiri, mpatseni wa thiraki, inu mutsatire ndi wopepuka. Kulipira dalaivala n'kotsika mtengo kuposa giyabokosi.

Kutentha. Oyilo akatentha kwambiri amapyapyala, sateteza chitsulo. Chitunda chochokera ku chigwa cha Zambezi kukwera ku Makuti, kapena msewu wa Tete masana a October ndi November, galimoto yolemedwa imavutika. Nyamukani m'mamawa. Mukamva kamluzu kakukula pa chitunda, imani pa mthunzi, injini izilira pa P kwa mphindi zingapo. Ndipo m'mafamu udzu ndi fumbi zimatseka radiator, muziyeretsa kawirikawiri.

Matope ndi mchenga. Nyengo ya mvula misewu ya m'makomboni imatitimiza. Mukatitimira musamasinthe D, R, D, R mothamanga matayala akuzungulira. Tayala likamazungulira pa matope kenako n'kugwira mwadzidzidzi pouma, kugunda konseko kumathera pa lamba ndi ma bearing. Tsikani, tsitsani katundu, ikani nthambi, itanani anyamata a pa komboni akankhe. Dola imodzi kapena mbale ya usipa yakwana.

Kukoka ndi chingwe. Injini ikazima pampu ya oyilo siigwira ntchito. Kukoka galimoto ya CVT mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi ndi kuzunguza zitsulo zouma. Inyamulidwe, kapena akutsogolo akwezedwe.

Oyilo wolakwika. Uyu ndiye wapha ma giyabokosi ambiri. CVT siimwa ATF wamba wofiira uja. Honda ili ndi HMMF pa zakale ndi HCF-2 pa Fit ya kuyambira 2013. Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3. Toyota ili ndi TC ndi FE. Onani buku la galimoto yanu kapena funsani ndi nambala ya chassis, musangomvera wogulitsa akuti "ndi yemweyo." Gulani botolo lomata, ndipo muone akuthira. Amakaniko ambiri amene ndawafunsa amati kwa ife a fumbi ndi katundu tisapitirire makilomita 40,000 tisanasinthe. Ex-Jap ikangofika, sinthani nthawi yomweyo, chifukwa simudziwa kuti mwini wake woyamba anasintha liti. Dziwaninso kuti oyilo watsopano sachiritsa bearing imene yadyeka kale. Angachepetse mawu kwa masiku, koma timaenje tija sitifafanizika.

Kwa amene mukufuna kugula galimoto kwa munthu: chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Penti yowala isakunamizeni. Musayesere kuzungulira pa car sale pokha. Itulutseni pa tala iyende mphindi 20 kuti oyilo atenthe, chifukwa phokoso lina limabisala kukazizira. Wogulitsa akamakweza wailesi kapena kukuchezetsani kwambiri, muuzeni mwaulemu kuti, "Abwana, tiyeni tikhale chete pang'ono." Chitani mayeso onse asanu ndi awiri aja musanatulutse ndalama.

Ngati mwachedwa kale ndipo pakufunika giyabokosi ina, kaya mukufuna ku Kaguvi Street, ku Gazaland, ku Siyaso kapena kuitanitsa ku Durban, tengani nambala ya pa giyabokosi yanu, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimakhala ndi mitundu yosiyana. Pemphani amasule sampu muone maginito musanalipire. Gwirizanani masiku a guarantee ndipo alembe pa lisiti. Poika, cooler ndi mapaipi zitsukidwe kapena zisinthidwe, apo ayi tizitsulo ta giyabokosi yakale tilowa mu yatsopanoyo. Ndipo makaniko ailumikize ku kompyuta kuti igwirizane ndi galimoto, chifukwa mitundu ina siyenda bwino popanda zimenezo.

Posankha makaniko, funsani funso limodzi: "Munatsegulapo CVT zingati, ndipo eni ake ndingawapeze?" Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limenelo. Amene akuthamangira kunena kuti "tingosintha yonse" asanamvere n'komwe, kapena amene akufuna kuthira mankhwala a m'kabotolo, mutsanzikeni bwinobwino. Safunsa anadya phula. Jambulani phokosolo pa foni, nenani liwiro limene limayambira, ngati limabwera kukazizira kapena kukatentha, ngati limasintha pa S. Mukafika ndi mayankho amenewa, ngakhale ndinu mayi ngati ine, palibe amene angakuuzeni nthano.

Chizolowezi changa tsopano ndi ichi: ulendo uliwonse, ndikangokwera pa tala wabwino, ndimazimitsa wailesi kwa mphindi zisanu, ndimamvera. Munthu amene amadziwa kalilidwe ka galimoto yake ili bwino ndi amene amazindikira msanga tsiku limene yasintha mawu. Sizidya ndalama.

Inu madalaivala a mathiraki, makutu anu ndi akuthwa kuposa athu, mumakhala ndi ma bearing tsiku ndi tsiku. Ngati pali chimene ndasiya, onjezerani kuti tonse tiphunzire. Ndipo amene mukudziwa makaniko wodalirika wa CVT ku Chinhoyi, ku Bindura, ku Mutoko kapena ku Tete, tiuzeni, chifukwa si tonse tingakwanitse kukafika ku Harare galimoto ikayamba kulira. Muyende bwino nonse, malonda akuyendereni.